Chigumu cha agogo ndakachipeza pa mgolo wa thobwa

Loweruka lapitali ndinaphika chigumu, nde pomwe ndimachotsa lata pamwamba pa poto fungo lomwe linatuluka lija ndinangokhala pansi pakhonde osayankhula. Mwana wanga wamkazi amvekere, "Amama mwapsa?" Sindinapse ayi. Kungoti fungo limenelo ndinalimva komaliza agogo anga ali moyo, ndipo agogo anatisiya mu 2014. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphika chigumu, chabwinobwino ndithu, anthu kumadya kumayamikira ena mpaka kumaoda cha pa chinkhoswe, koma ine mumtima ndimadziwa kuti si chimenechi, chilipo chikusowa ndipo sindimachidziwa dzina.

Ine ndine wa konkuno ku Mchinji, kwathu kwenikweni ndi cha ku Mkanda koma pano ndimakhala pa Boma. Ndinakulira kwawo kwa amayi monga timachitira Achewafe, bambo anali mkamwini, nde nyumba ya agogo inali pafupi moti akamapala mphika timamva tili kwathu. Masiku amenewo shuga sichinali chinthu chokhala mnyumba tsiku lililonse. Amabwera pa Khirisimasi, kapena bambo akagulitsa fodya, kapena mtedza ukapita ku ADMARC, ndipo paketi yake imakhala mu sutikesi pamodzi ndi zitenje zatsopano. Koma musaganize kuti tinakula osadziwa kutsekemera. Mvula ikamayandikira timathamangira masuku kuthengo, kenako mango, chimanga chikamakhwima kuli misale ndi maungu, kudimba nzimbe, nthawi yachisanu mbatata yootcha paphulusa usiku tikuwotha moto, amalume akafula njuchi tonse kumata manja ndi uchi. Chilichonse chinali ndi mwezi wake ndipo timachidikira.

Koma mfumu ya zonsezi chinali chigumu cha agogo. Ena amati chikondamoyo, ena chimimina, kwathu timangoti chigumu basi. Agogo samagula nthochi, anali ndi zawo kuseri kwa bafa zomwe zimamwa madzi osambira chaka chonse, nde ngakhale chilimwe chifike pati masamba ake amakhala obiriwira. Mkoko ukakhwima amadula, kuuthyola maphava, kuika mu mtsuko waukulu wosweka kukamwa, kuvundikira ndi masamba ouma. Ife ana timangozungulirazungulira mtsukowo, kununkhiza, koma kukhudza ayi. Amadikira mpaka makoko achite madontho akuda, nthochi ifewe yoti ukaigwira chala chimalowa. Nthochi yoti pa msika wa pa Boma pano munthu sangagule, kwa agogo nde imakhala kuti yafika.

Vuto ndi lakuti kusakaniza kwenikweniko sindinakuonepo bwino. Agogo amadzuka kusanache, tambala wachiwiri, ife timadzuka poto ali kale pa mafuwa. Ntchito yanga inali yotola zitsononkho kunkhokwe ndikukupiza moto. Pamenepa pokha ndimadziwa ndithu: makala ochepa pansi, ambiri pamwamba pa lata, ndipo poto kumamutembenuza pang'onopang'ono kuti mbali imodzi isapserere. Akafuna kuona ngati chapsa amasolola kaudzu padenga la khitchini, kubaya pakatikati, kakatuluka kouma amangoti, "Tenga mbale." Chigumucho kunja chimakhala chofiira cholimba pang'ono, mkati chofewa chonyowerako, sichimanyenyeka ngati mchenga ayi, ndipo ukameza kumatsala kakuwawasa pang'ono kosakanikira ndi kafungo kena kamene ndimaganiza kuti ndi ka utsi. Amachiphika pakakhala ulendo, wina akamapita kukazonda wodwala kuchipatala, tsiku lokolola kumunda wakutali, kapena sukulu ikamatsegulidwa. Amachikulunga pa kansalu koyera, munthu umayenda nacho masiku awiri chili bwinobwino.

Chaka cha njala ija ya 2002, yomwe kuno ndi ku Kasungu anthu sanaiiwale mpaka lero, ufa kunalibe, nde agogo amaphika chigumu cha gaga. Nthochi ziwiri zitatu, gaga wosefa, mchere. Amachidula tizidutswa powerenga mitu ya adzukulu, ukawafunsa kuti nanga inu agogo amati ndadya kale pophika. Ndinali mu Sitandade 6 ndipo ndimakhulupirira.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi. Nditapita ku sekondale yogonera konko, agogo amandipatsa chigumu chathunthu teremu iliyonse. Anzanga amabwera ndi buledi, mabisiketi, Sobo, nde ine ndimachita manyazi, chigumu changa ndimachibisa pansi pa zovala kumadya usiku magetsi atazima. Teremu ina sindinachidye nkomwe, chinachita nkhungu ndinakataya kudzala. Kenako ndinaphunzira keke, fulawa, majarini, mazira, kirimu wa pamwamba, ndimadziona kuti tsopano ndadziwa kuphika. Mu 2013 nditapita kumudzi agogo anandiuza kuti, "Iwe, ubwere udzagone kuno tsiku lina, ndidzakudzutse m'mawa uone mmene ndimachitira, manja angawa ayamba kunjenjemera." Ndinati ndibwera agogo, mwezi wamawa. Sindinapite. Mawu amenewo amandibwerera nthawi zonse ndikamasenda nthochi.

Nditayamba banja langa m'pamene ndinazindikira kuti pafupifupi chilichonse chotsekemera chomwe ndimadziwa kuphika chili ndi mwini wake, munthu amene anandigwira dzanja. Futali ndi wa amayi anga. Iwo chigumu sichinali mbali yawo, koma futali aaa, mudzi wonse umawadziwa. Amasenda mbatata, kuduladula zikuluzikulu, madzi pang'ono osamiza mbatatayo, kamchere, ikatsala pang'ono kupsa amawaza nsinjiro pamwamba osatakasa, kuvundikira kuti nthunzi iphike nsinjiroyo kaye, kenako m'pamene amatembenuza ndi mthiko mofatsa. Ukathamangira kutakasa nsinjiro imakhala pansi n'kupserera, mbatata isanapse. Shuga sathira olo pang'ono, amati mbatata yokhala masiku angapo padzuwa ikakumbidwa imatsekemera yokha, ndipo ndi zoona, yesani kuphika yokumba lero ndi ya sabata yatha mumva kusiyana. Wa maungu amachitanso chimodzimodzi koma madzi amachepetseratu poti dzungu lili ndi madzi ake. Masiku ano kwabwera mbatata zofiira mkati zija, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, alangizi amatilimbikitsa chifukwa cha vitamini A ndipo ana anga amazikonda, koma amayi amati zimafewa msanga, pa futali iwo amafunabe Kenya yaufa ija.

Nkhani ya nsinjiro nayo ndi yaitali. Ife a ku Mchinji mtedza ndi wathu, nde timasankha. Amayi amafuna Chalimbana, wamkuluwamkulu uja, amati nsinjiro yake imayoyoka bwino mu sefa. CG7 wofiira uja ali ndi mafuta ambiri, ukasinja mopitiriza amayamba kugwirana kulowera ku chiponde, nde pamafunika kusinja pang'ono, kusefa, kubwezera, choncho. Ndipo asanasinje amakhala pa mphasa ndi lichero kusankha kamodzikamodzi, wofota, wakuda, wobooka, wowawa, zonse kutaya. Kale ndimaona ngati akutaya nthawi, pano ndikudziwa kuti ndi nkhani ya chuku, poizoni wa nkhungu uja amene amawononga chiwindi ndipo saphedwa ndi moto, ukazinge uphike amakhalabe momwemo. Chonde amayi anzanga, mtedza wotsalira posankha uja tisamasinjire ana poti ndi wotchipa, komanso tisamanyowetse makoko kuti tiswe mosavuta, chinyezi chimenecho n'chomwe chimabweretsa chuku.

Zitumbuwa ndi za azakhali anga, alongo awo a bambo, amene anagulitsa pa Kamwendo zaka zambiri mpaka kuphunzitsa ana atatu ndi chiwaya chimodzi. Holide ina ndinakakhala kwawo, amandidzutsa 4 koloko. Nthochi zakupsa kukanya ndi manja, mgaiwa kuthira pang'onopang'ono mpaka phalalo lizitha kuumbika koma likhale lomata m'manja, kamchere, kasoda, kuumba timipira n'kutiphwatalitsa pang'ono, m'mafuta. Amati mafuta ukawaponyera kanyenyeswa kazikwera pamwamba nthawi yomweyo koma osachita utsi, akazizira chitumbuwa chimamwa mafuta phindu lonse n'kuthera momwemo, akatenthetsa chimada kunja mkati muli mwamuwisi. Nditasamukira pa Boma ndinapeza mayi wina woyandikana naye nyumba wa ku Chipata, tinatsutsana tsiku lonse poti kwawo kungodutsa pa Mwami apa vitumbuwa ndi vya fulawa, zomwe ife tingati mandasi, nthochi mulibe. Mapeto ake iye anandiphunzitsa zake ine ndinamuphunzitsa zanga, mpaka pano akaphika amanditumizira mwana ndi kambale.

Maswiti a mtedza anandiphunzitsa ndi mnzanga wa ku sekondale, tinkapanga pa mbaula kwawo. Mtedza wokazinga, kuufikisa m'manja, kupeta makoko achoke, shuga mu poto wouma wopanda madzi pa moto wochepa mpaka asungunuke afiire ngati uchi, kuthira mtedza msangamsanga, kukhuthulira pa thireyi yopaka mafuta, kudula asanazizire. Ukangocheuka pang'ono shuga wada, wayamba kuwawa, ndipo akakudonthera pakhungu chipsera chake sichichoka, ana azikhala kutali. Za malambe anandionetsa ndi alamu anga a ku Salima, poti kuno milambe siipezeka ngati kunyanja, amanditumizira m'thumba, kunyika m'madzi ofunda, kusefa, shuga, kuika mu furiji.

Nde onani, zonsezi ndinali nazo, chimodzi chokha cha agogo n'chimene chinandipulumuka. Ndinafunsa amayi, anati, "Mwana wanga, ine amayi samandilola kukhudza, ndimangoona nthochi ndi mgaiwa ndi soda, china sindikudziwa." Ndinafunsa amayi aang'ono ku Lilongwe, chimodzimodzi. Ndinafunsa pa gulu lathu la WhatsApp la amayi a Chigwirizano, mayankho anabwera ambirimbiri, wina thirani mkaka, wina dzira, wina majarini, wina sakanizani ndi fulawa theka, pa Facebook napo ndinaona njira kaya zingati. Zonse ndinayesa. Cha mkaka ndi dzira chimakoma zedi koma chimapita ku keke. Cha madzi okha chimauma, tsiku lachiwiri chimakhala ngati njerwa. Ndikaonjezera soda kuti chifufume chimamveka sopo mkamwa ndipo mtundu umapita kwina. Ndinasintha nthochi, sukari, kabuthu, makumbuka, ndinasiya uvuni kubwerera ku makala, mpaka ndinakatenga poto weniweni wa agogo kumudzi wopindika khutu uja. Chimayandikira koma osafika.

Mwezi wa Ogasiti chaka chino kunali chinkhoswe cha msuweni wanga kumudzi. Ndinapita kutatsala masiku awiri kukathandiza, ndinatenga zigumu ziwiri kuti amayi ophika azimwera tiyi. Kuseri kwa nyumba kunali migolo iwiri ya thobwa, ndipo woyang'anira anali gogo wina wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, wokalamba kwambiri, atakhala pa mpando wachikumba ndodo ili pambali, iye kumangoloza atsikana kumavundula. Ndinamudziwa, anali mnzawo wa agogo wa ponda apa nane mpondepo, amapitira limodzi kumaliro, kudambo, kutchalitchi. Ndinagwada kuwapatsa moni.

"Mwaswera bwanji agogo?"

"Ndaswera, kaya iwe. Kodi ndiwe mwana wa uje eti, uja amakupiza moto?"

"Ndine ndemwe agogo."

"Wakula. Nkhope ndi ya mnzanga yeniyeni."

Ndinawapatsa chidutswa cha chigumu pa mbale. Ananyema pang'ono, kuika mkamwa, kutafuna nthawi yaitali ndi mano awo ochepawo, maso ali ku migolo. Kenako anandiyang'ana.

"Wathira madzi."

"Eya agogo, madzi pang'ono ndi mkaka."

"Mnzanga samathira madzi. Amathira thobwa logona, la dzulo kapena la dzana, lija layamba kuluma pa lilime. Nanga ukuganiza amabwera kwanga madzulo ndi chipanda kudzatani?"

Abale, thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndinakumbukira nthawi yomweyo agogo akuchokera kutsidya dzuwa litalowa, chipanda chili m'manja chovundikira ndi mbale, ife kumapempha iwo kumakana kuti ili si lakumwa. Zaka zonsezi chithunzi chimenecho chinali m'mutu mwanga koma sindinachilumikizepo ndi chigumu.

Gogoyo anapitiriza, ine nditakhala pansi pa dothi chitenje chatsopano osasamala. Anati chachiwiri ndi nsinjiro, koma osati yaiwisi ya ndiwo ija, ya mtedza wokazinga pang'ono, dzanja limodzi, imeneyo ndi imene imalowa m'malo mwa mafuta kuti chigumu chisaume. Kafungo kaja ndimati ndi ka utsi kanali ka mtedza. Chachitatu, pansi pa poto amayala tsamba la nthochi lowaula pamoto kuti lifewe, nde chigumu sichimamatira komanso tsambalo limapereka fungo lake. Ndipo akasakaniza samathamangira pamoto, amasiya kaye mgaiwa umwe thobwalo, iwo n'kukasesa pabwalo, soda amathira pomaliza penipeni poto atatentha kale. Anati njira imeneyi si ya agogo anganso ayi, onse awiri anaiphunzira kwa apongozi a gogoyu ali atsikana ongokwatiwa kumene, nthawi imene shuga amaoneka kwa aphunzitsi ndi kwa abusa okha. Ndinafunsa kuti nanga ana anu mukuwaphunzitsa? Anangoti, "Afuna za fulawa."

Pobwerera mu minibasi ndimangoganiza, ndipo zinayamba kumveka. Soda payekha safufumitsa bwino, amafuna chinthu chowawasa kuti achite thovu, n'chifukwa chake ena amathira chambiko kapena mandimu. Akasowa chowawasa amatsala momwemo, nde kukoma kwa sopo kuja. Thobwa logona lili ndi kuwawasa kokwanira, komanso lili kale ndi kutsekemera kwa chimera, ndiponso ndi phala lopsa kale nde limagwira chinyezi, chigumu sichiuma msanga. Agogo sanapite ku sukulu koma zonsezi amazidziwa ndi lilime.

Zinatanthauza kuti ndiyambe ndaphunzira thobwa lenileni, poti la m'mabotolo logula pamsewu ambiri amathira shuga wambiri chimera chochepa. Apa amayi anga nde anandithandiza. Chimera tinapanga cha mawere, kuwanyika usiku umodzi, kuwayala pa chiguduli chonyowa n'kufunditsa mpaka atamera timizu toyera, kuyanika padzuwa aume gwa, kukagayitsa. Kenako phala la mgaiwa lolimbirako, lipse bwinobwino, kuliphula lizizire. Apa m'pamene pagona nkhani. Amayi amaviika chala, chikapirira kutenthako osachotsa msanga ndiye kuti lafika, kuwaza chimera uku ukuvundula. Ukathira lili lotentha kwambiri chimera chimafa, thobwa silitsekemera olo udikire bwanji. Ukathira bwino umaona ndi maso phala lolimba lija likusungunuka kukhala madzimadzi, ukalawa layamba kale kutsekemera popanda shuga olo kambewu kamodzi. Ku sekondale tinaphunzira kuti mbewu ikamamera imatulutsa ma enzyme amene amaswa sitalichi kukhala shuga, ndinalemba pa mayeso n'kukhoza, osadziwa kuti ndi zomwe zimachitika mu mtsuko wa kwathu. Mawa lake kuliwiritsanso, kuliphula, kulisiya ligone. La chigumu ndimapatula la tsiku lachiwiri.

Loweruka lija nde ndinachita motere, ndipo ndayeza ndi kapu dala kuti mwana wanga asadzavutike ngati ine. Nthochi zakupsa kwambiri 8 zapakatikati, kukanya mpaka zikhale phala. Mgaiwa makapu 3, osati ufa woyera, woyera unataya kale kukoma kwake konyika kuja. Nsinjiro yokazinga theka la kapu. Thobwa logona kapu imodzi, kuonjezera pang'ono ngati mgaiwa wauma kwambiri, phalalo lizigwa pa mthiko mwaulesi osati kuyenderera. Mchere kunsonga kwa supuni yaing'ono. Kusiya mphindi 30. Tsamba lowaula pansi pa poto, poto atenthe, soda supuni yaing'ono imodzi yosadzadza kusungunula m'thobwa pang'ono, kuthira, kutakasa kawiri katatu basi, mu poto, lata pamwamba, makala. Kwa ine chinatenga pafupifupi ola limodzi koma zimatengera moto wanu, kaudzu ndi kamene kanganene. Shuga sindinathire. Amene mumakonda chotsekemera kwambiri thirani masupuni awiri, koma muyambe mwalawa chopanda.

Ndikamaganiza mmene zinthu zakwerera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fulawa, mafuta ophikira, majarini, shuga, keke ya tsiku lobadwa la mwana yasanduka nkhani yokhalira pansi kupanga bajeti, ndimaona kuti chigumu ichi chili ndi malo ake lero kuposa kale. Palibe chochokera mu shopu kupatula soda ndi mchere. Mgaiwa ndi wa m'munda, mtedza wa m'munda, mawere ungagule kambale kamodzi pa msika kakukwanira kangapo. Chovuta pano ndi nthochi, zakwera mtengo chifikireni matenda a chisaka amene anapululutsa minda ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, moti zina zomwe timagula m'matauni zimachokera ku Tanzania. Ine ndabzala zanga zitatu kuseri kwa bafa, ana ake ndinakatenga pa chitsa cha agogo pomwe paja, zilipobe, amayi amazisamalira.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakwera minibasi ya ku Mkanda, kenako kabaza mpaka kutsidya kwa dambo, theka la chigumu lili pa kansalu koyera. Mwana wanga ndinamutenga. Tinawapeza gogo aja ali pa mphasa pansi pa mtengo wa mango akusankha nyemba. Ananyema, kununkhiza kaye, kutafuna nthawi yaitali ngati tsiku lija. Ine mtima uli phaphapha.

"Ichi nde chimenechi," anatero. Kenako anatembenuza chidutswacho kuona kunsi. "Koma moto wachuluka pansi. Mnzanga amachotsako makala chikayamba kununkhira, amasiya a pamwamba okha."

Anamuitana mwana wanga kuti akhale pafupi, anamugwira dzanja kuliyang'ana, n'kumufunsa ngati amadziwa kuwaula tsamba la nthochi osalipsereza. Mwana anati ayi agogo. Anati tibwere Lachisanu tidzagone, adzatidzutsa tambala wachiwiri, ndipo pali mkate wa nthochi wokulunga m'masamba wophika m'madzi umene akufuna ationetse maso awo asanatheretu. Ndapempha kale tchuthi kuntchito, mwana ndakamupemphera kwa aphunzitsi ake, chimera chilipo chotsala, nthochi ndavundika dzulo mu ndowa kuti pofika Lachisanu zikhale zitachita madontho.